Liwu la Abiti Twaibu

Mlamu wanga Shaibu atabwera kumaphunziro,
ndevu zitakhwima, thalauza lolekeza m'akakolo,
anandipeza pa Chitakale ndikuitanira malonda:
"Nanazi! Wozuna ngati uchi, bwana wanga, talawani!"
Anaima chapatali nazyolika
ngati wataya ndalama m'fumbi.
Madzulo anauza mkulu wake,
mkulu wakeyo nandiuza ine:
akuti liwu la mkazi ndi aura,
monga tsitsi, monga khosi,
lofunika kufunditsidwa pamaso pa amuna achilendo.

Usiku umenewo ndinagona chagada
ndikusisita kholingo.
Mpango ndimavala, ndipo ndimaukonda,
koma liwu, mfundo yake ndimange pati?

Sabata yathunthu ndinagulitsa ndi zala.
Minibasi ikaima ndinkangotukula chipatso m'mwamba,
anzanga a Chilomwe nkumati ndatupa kummero.
Ananazi asanu ndi awiri anaolera m'dengu,
ntchentche zinadya fizi ya Sakina.

Lachisanu, Juma itatha, ndinakagwada pakhonde
pa Shehe Mtalika, a magalasi omanga ndi ulusi.
Anatafuna funso langa nthawi yaitali.
"Mwanangu, akuluakulu a malamulo
sanatunge pachitsime chimodzi pankhaniyi.
Alipo anati liwulo litsike,
makamaka pa nyimbo ndi pa swala;
paja imamu akaphonya, ife timatamanda Allah mokweza,
inu mumawomba m'manja.
Koma ambiri anati liwu palokha si umaliseche.
Akazi ankafunsa Mtumiki amuna ali pomwepo,
akazi ake ankaphunzitsa kuseri kwa nsalu
amuna nkumasunga mawuwo pamtima.
Choletsedwa nkulinyolola, kulithira shuga
kuti wamtima wodwala ayambe kumeza mate.
Tchula mtengo wa nanazi, usadzitchulire mtengo wekha."

Ndinachotsa uchi uja, ndinachotsa "bwana wanga",
ndinatsala ndi "Nanazi!" wouma ngati chikuni.
Shaibu sanakhutire.
Anati Shehe ndi akale, a sikiri ya pamaliro.
Mkangano umenewo ndinaupeza ndikubadwa:
agogo ena ankanyamula jeneza akuimba,
ena ali duu,
koma manda ake anali amodzi.

Kenako kunadza mvula ya masiku atatu.
Phiri linabisala, Likhubula anasintha chilankhulo.
Pakati pa usiku ndikupukuta mwana malungo
ndinamva miyala ikukukutana kumtunda,
fungo la dothi losadziwika likulowa pazenera.
Sindinafunse buku, sindinafunse mlamu.
Ndinatuluka mpango uli m'manja
ndi kung'amba mdima:
"Napolo! Dzukani! Thawirani kumunda wa tiyi!"
Liwu la pamsika lija, losweka ndi madalaivala,
linalowa m'nyumba za amuna osakhala abale anga:
a Namakhwa a mpingo wa Sabata,
mlonda wa kuesiteti, anyamata a kabaza.
Onse analimva, palibe anameza mate.
Shaibu anatidutsa atabereka mayi ake kumsana,
thalauza lalifupi lija lili matope okhaokha.

Kutacha tinawerengana kusukulu.
Mbuzi zinapita, chigayo chinapita,
ndi a Che Ndembo amene sankamva bwino.
Ine mawu anali atandithera, ndikungonong'ona.
Shaibu anabwera ndi kapu ya madzi otentha a mandimu,
anaiika pafupi ndi phazi langa
maso ali pansi monga mwa masiku onse,
osanena kanthu.

Mpaka lero sitinagwirizane.
Iye ali ndi mabuku ake, ndipo sindimuseka;
akamadutsa pa Chitakale amadzera tsidya lina la msewu.
Ine ndimaitanira, mosanyolola,
dzuwa likapendeka ndimaswali Alasiri kuseri kwa golosale,
ndimanong'oneza Mwini liwuli
amene amamva ngakhale phazi la nyerere,
kuti ngati ndalakwa pa kukweza kapena pa kutsitsa
andiweruze yekha.
Ndikatero ndimabwerera kudengu.
Ya ku Muloza ija yaima, mazenera atseguka.